Mafunde a Onse, Magombe a Ena: Mbiri ya Masewera Okwera Mafunde ku South Africa

Dziko la South Africa lili ndi gombe lotalika pafupifupi makilomita 2,800, kuyambira pamene mtsinje wa Orange umathira m'nyanja ya Atlantic, kumalire ndi Namibia, kuzungulira kum'mwera mpaka ku Kosi Bay, kumalire ndi Mozambique. Pagombe limeneli pali malo angapo amene mayina ake amadziwika kwa achinyamata a ku Australia, Brazil, Hawaii ndi California kuposa momwe amadziwikira kwa anthu ambiri a mu Africa mwenimweni: Muizenberg, Jeffreys Bay, Cape St Francis, Elands Bay, Dungeons ndi magombe a mzinda wa Durban. Chimene chinatchukitsa malowa ndi masewera okwera mafunde, amene pa Chingerezi amati surfing. Munthu amagona chafufumimba pathabwa, napalasa ndi manja kulowa m'nyanja, nadikira. Funde likafika amapalasa mwamphamvu, n'kudzuka, n'kuima pathabwapo, ndipo fundelo limamunyamula kutsetsereka naye cham'mbali mpaka litatha mphamvu.

Mabuku ambiri ofotokoza za malowa amakamba za mphepo, miyala ndi nyengo, ndipo salakwitsa. Komabe mbiri ya masewerawa ku South Africa siimveka bwino popanda kutchulapo malamulo a dzikolo. Kwa zaka zoposa 30, lamulo ndilo linkanena munthu woyenera kuponda mchenga wa gombe lakuti ndi wosayenera kuuponda. Funde linkabadwira kutali, kumene kulibe boma kapena wapolisi, koma woti alikwere ankasankhidwira kumtunda.

Kumene mafunde amachokera

Kum'mwera kwa Africa kuli nyanja yaikulu yofika mpaka ku Antarctica, yopanda dziko lotchinga mphepo. M'chigawo chimenechi, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mumabadwa mikuntho yamphamvu imene imaomba pamadzi kwa masiku angapo. Mphamvu ya mphepoyo imalowa m'madzi ndipo imayenda makilomita zikwizikwi ngakhale mkunthowo utaleka. Ali paulendo, mafunde amadzisanja okha m'mizere, aatali patsogolo, aafupi pambuyo. Apa ndi pamene amasiyana ndi mafunde a mwera a panyanja ya Malawi, amene amadza pamodzi ndi mphepo yake, motsatizana pafupipafupi ndi mosokonekera. Funde la m'nyanja yamchere likhoza kufika pagombe tsiku labata, kumwamba kuli mbee, patapita masiku angapo kuchokera pamene mkuntho unalibala.

Likafika pamadzi osaya, kunsi kwake kumakhula pansi n'kuchepa liwiro, pamene nsonga yake ikupitiriza kuthamanga. Motero limaimirira, n'kupindika, n'kugwa. Kagwedwe kake kamatengera zimene zili pansi. Pamchenga wosalala limagwa mofatsa. Pamwala wotumphuka mwadzidzidzi limapindika msanga n'kupanga mphako imene munthu angalowemo ali chiimire, ndipo kulowa m'mphako imeneyi n'kutulukamo osagwa ndiye ulemerero waukulu wa masewerawa. Pamene mtunda walowa m'nyanja ngati chigongono, funde limazungulira nsongayo n'kumasweka pang'onopang'ono kuchokera mbali imodzi kupita ina, monga momwe mkeka umafunyululidwira. Mphepo yochokera kumtunda imasalaza funde, pamene yochokera kunyanja imaliphwanyaphwanya.

Madzi a dzikoli ali pawiri. Kum'mawa kumatsika madzi ofunda a Agulhas ochokera kumpoto, n'chifukwa chake ku Durban munthu amalowa m'nyanja ndi kabudula yekha miyezi yambiri ya chaka. Kumadzulo kumakwera madzi ozizira a Benguela, ndipo wofuna kukwera funde lotchuka la ku Elands Bay, makilomita pafupifupi 200 kumpoto kwa Cape Town, sangapirire popanda chovala cha labala chokuta thupi lonse.

Thabwa lifika ku Muizenberg

Masewerawa monga akudziwikira lero anachokera ku zilumba za Polynesia, makamaka Hawaii, kumene mafumu ndi anthu wamba ankakwera mafunde kalekale azungu asanafike. Katswiri wosambira wa ku Hawaii, Duke Kahanamoku, ndiye anathandiza kwambiri kuwafalitsa, maka pamene anakawaonetsa ku Sydney m'dziko la Australia m'chilimwe cha 1914 ndi 1915. Koma Hawaii sanali yekha. Wolemba mbiri Kevin Dawson, m'buku lake la 2018 lotchedwa Undercurrents of Power, anasonyeza kuti alendo a ku Ulaya analemba za ana a kugombe la dziko limene lero ndi Ghana akusewera pamafunde ndi timatabwa kale m'zaka za m'ma 1640. Maganizo akuti munthu wakuda ndi nyanja siziyenderana ndi atsopano, ndipo ku South Africa anachita kulimbikitsidwa ndi lamulo.

Ku South Africa mbiri yolembedwa imayambira ku Muizenberg, m'mphepete mwa False Bay, kum'mwera kwa mzinda wa Cape Town. Njanji itafika kumeneko m'zaka za m'ma 1880, malowa anasanduka kopumulira anthu achuma. Cecil Rhodes anafera m'kanyumba kake komweko mu 1902. Pansi pa nyanja ya ku Muizenberg pamatsetsereka pang'onopang'ono, choncho mafunde ake ndi ofatsa, oyenera wophunzira. Chithunzi chakale chodziwika kwambiri cha masewerawa m'dzikoli ndi cha mu 1919, cha mtsikana wa ku Cape Town dzina lake Heather Price, amene anabwereka thabwa kwa asilikali awiri a ku America omwe sitima yawo inaima padoko pobwerera kwawo nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha. Mu 1922 mlembi wa ku England, Agatha Christie, anasewera pagombe lomweli atagona pathabwa lalifupi, monga ankachitira alendo ambiri masiku amenewo.

Ku Durban masewerawa anakulira m'manja mwa opulumutsa anthu omira. Makalabu awo, monga Durban Surf ya mu 1927 ndi Pirates ya mu 1928, ankafuna njira zofikira msanga munthu amene watengedwa ndi madzi, ndipo anyamata ake anayamba kukhoma matabwa aatali amphako, olemera moti ena ankachita kunyamula anthu awiri. Kusintha kwakukulu kunadza m'zaka za m'ma 1950, pamene John Whitmore wa ku Cape Town anayamba kupanga matabwa opepuka a pulasitiki, potsatira zimene ankaona m'magazini a ku America. Whitmore anayendayenda m'gombe ndi galimoto kufunafuna mafunde atsopano, ndipo anzake anam'patsa dzina laulemu lakuti Oom, kutanthauza malume m'Chiafrikaans. Bungwe loyendetsa masewerawa, South African Surfing Association, linakhazikitsidwa mu 1965. Mamembala ake anali azungu.

Filimu imene inaitana dziko lonse

Akuluakulu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Mu 1963 wojambula mafilimu wa ku California, Bruce Brown, anafika ku Cape Town ndi anyamata awiri, Mike Hynson ndi Robert August, paulendo wozungulira dziko kutsatira chilimwe. Whitmore anawalandira, ndipo paulendo wopita ku Durban anapatukira ku Cape St Francis, kumene anapeza funde laling'ono koma losweka mwadongosolo kwa nthawi yaitali modabwitsa. Filimu yawo, The Endless Summer, itayamba kuonetsedwa m'nyumba zazikulu za kanema mu 1966, funde limenelo linasanduka loto la aliyense wokhala ndi thabwa. Mpaka lero malowo amatchedwa Bruce's Beauties.

Filimuyo inakokomeza zinthu zina ndi kubisa zina. Inachititsa anthu kukhulupirira kuti fundelo limakhala chomwecho pafupifupi chaka chonse, pamene zoona zake n'zakuti limadzuka mwa apo ndi apo. Anthu akuda a ku Senegal, Ghana ndi Nigeria inawaonetsa ngati choseketsa, ndipo za malamulo a tsankho a ku South Africa sinanenepo kanthu kenikeni. Nako kutchukako kunali ndi mtengo wake. Anthu atamanga nyumba ndi kubzala zomera pa milu ya mchenga ya ku St Francis, mchenga umene mphepo inkathira m'nyanja n'kumakonza pansi pa fundelo unachepa, ndipo fundelo linataya ubwino wake wina.

Amene anabwera kudzafuna funde la m'filimu anapeza lina loposa pamenepo chapafupi. Jeffreys Bay, makilomita pafupifupi 75 kumadzulo kwa mzinda wa Port Elizabeth, umene kuyambira 2021 umatchedwa Gqeberha, panthawiyo kanali kamudzi ka asodzi. Kumeneko mzere wa miyala yakuda umayenda motsatira gombe, ndipo funde lochokera kum'mwera chakumadzulo limasweka motsatira miyalayo kupita kudzanja lamanja la wolikwera. Zigawo zake zili ndi mayina: Boneyards, Supertubes, Impossibles, Tubes, Point ndi Albatross. Pa Supertubes pokha munthu akhoza kuyenda mamita 300 pafunde limodzi, pa liwiro loti wosazolowera amangotsalira m'thovu. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 achinyamata atsitsi lalitali anayamba kumanga misasa m'tchire la m'mbali mwa gombe, kudikira mphepo yoyenera kwa masabata, poti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mmodzi mwa amene anakhazikika kumeneko, Cheron Kraak, anayamba kusokera anzake makabudula, ndipo ntchitoyo inakula kukhala kampani ya Country Feeling, imene inalemba ntchito anthu ambiri a m'tawuniyo ndi kuthandiza mipikisano yoyambirira ya m'zaka za m'ma 1980.

Chikwangwani pamchenga

Zonsezi zinkachitika pamagombe okhala ndi zikwangwani. Chipani cha National Party chitalowa m'boma mu 1948, chinakhazikitsa lamulo la Group Areas Act mu 1950, logawa malo okhala potengera khungu, ndi la Reservation of Separate Amenities Act mu 1953, lolola kuti mabenchi, mabasi, zimbudzi ndi malo osangalalira zikhale zosiyana, ngakhale zisafanane ubwino. Makhonsolo anagawa magombe motsatira mzimu womwewo. Magombe apafupi ndi mzinda, otetezeka ndi okhala ndi opulumutsa anthu anapita kwa azungu. Amwenye, makaladi ndi anthu akuda anapatsidwa zidutswa zakutali, kawirikawiri zamiyala kapena za madzi okoka. Ku False Bay, azungu anali ndi Muizenberg, makaladi anakankhidwira ku Strandfontein, ndipo anthu akuda a ku Khayelitsha anadzapatsidwa Monwabisi, gombe lodziwika ndi ngozi za kumira.

Kusamutsa anthu mokakamiza kunapweteka koposa chikwangwani, chifukwa kunachotsa mabanja athunthu pafupi ndi madzi. Tawuni ya Simon's Town italengezedwa kukhala ya azungu mu 1967, mabanja a asodzi ndi ogwira ntchito padoko anasamutsidwira kumalo atsopano otchedwa Ocean View, dzina lonena za kuona nyanja pomwe anthuwo anali atangolandidwa nyanja yawo. Ku Durban, paphiri la Bluff pamene pali funde lamphako lotchuka la Cave Rock, pankakhala anthu otchedwa Amazanzibari, zidzukulu za Amakua a kumpoto kwa Mozambique amene anapulumutsidwa m'zombo za akapolo n'kutsitsidwa ku Natal kuyambira mu 1873. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 anawasamutsira ku Chatsworth, kutali ndi gombe. Mwana wobadwira kumalo otere, wopanda dziwe losambiramo, wofunika kukwera basi kapena sitima kuti akaone nyanja, sakanaphunzira kusambira, ndipo wosadziwa kusambira sangayambe n'komwe kukwera funde.

Durban ndi akatswiri ake

Mzinda wa Durban ndiwo unasandutsa masewerawa kukhala ntchito. Madzi ake ndi ofunda, ndipo milatho yolowa m'nyanja imene inamangidwa pofuna kusunga mchenga inapanga milu ya pansi pamadzi yoswa mafunde bwino pa Bay of Plenty, North Beach ndi New Pier. Vuto lalikulu linali nsomba zolusa za shaki. Khonsolo inatchera maukonde oyamba mu 1952, ndipo anthu angapo ataphedwa kugombe la kum'mwera kwa Natal pakati pa Disembala 1957 ndi Epulo 1958, alendo anathawa m'mahotela. Zotsatira zake zinali bungwe loona za shaki la mu 1964, limene lero limatchedwa KwaZulu-Natal Sharks Board. Maukondewo anachepetsa ngozi, ngakhale kuti amaphanso akamba a m'nyanja ndi zamoyo zina zosalakwa.

Mu 1969 munayamba mpikisano wa Durban 500, umene posakhalitsa unatenga dzina la fodya n'kukhala Gunston 500. Nambalayo inkanena za mphoto ya ndalama zokwana 500 randi. Anthu zikwizikwi ankadzaza mchenga wa Bay of Plenty mwezi wa Julayi kudzaonerera. Gavin Rudolph, amene anapambana mpikisano woyamba, anakadabwitsanso anthu ku Hawaii mu 1971 popambana mpikisano wa Smirnoff pagombe la Sunset. Koma dzina lalikulu linali la Shaun Tomson, wobadwa mu 1955, mwana wa Ernie Tomson, katswiri wosambira amene shaki inam'luma dzanja ali mnyamata. Shaun anapambana Gunston 500 kasanu ndi kamodzi motsatizana, kuyambira 1973 mpaka 1978, ndipo mu 1977 anakhala katswiri wa dziko lonse. Amakumbukiridwa chifukwa chosintha kayendedwe ka m'mphako ya funde: ena asanabwere iye ankangoima chilili n'kudikira kutuluka, koma iye ankakhota ndi kuwongolera thabwa ali m'kati momwemo.

Mpikisano womwewu ndiwo unaonetsa dziko manyazi a pagombe. Mu 1972 Eddie Aikau, Mhawaii wopulumutsa anthu pagombe la Waimea, amene anthu akwawo amam'lemekeza mpaka lero, anafika ku Durban kudzapikisana nawo, ndipo hotela ina inakana kum'landira chifukwa cha khungu lake. Mdzukulu wa eni ake a masewerawa anapezeka wosayenera kugona pamodzi ndi amene anawaphunzira kwa makolo ake.

Kunyanyala ndi kutsegulidwa kwa magombe

Pamasewera ena, dziko la South Africa linali litasalidwa kale. Linaletsedwa ku Olimpiki kuyambira 1964, ndipo maiko a Commonwealth anagwirizana ku Gleneagles mu 1977 kuti asamasewere nalo. Okwera mafunde anachedwa kutsatira. Mpikisano wa dziko lonse wa osalipidwa unachitikira ku East London mu 1978, ndipo akatswiri olipidwa ankabwerabe ku Durban chaka ndi chaka, ambiri akunena kuti masewera ndi ndale n'zosiyana. Zinasintha mu 1985, chaka chimene makomboni anali pamoto ndipo boma la P.W. Botha linalengeza malamulo a nthawi ya chipwirikiti. Tom Carroll wa ku Australia, amene panthawiyo anali katswiri wa dziko lonse, analengeza kuti sapita ku South Africa, podziwa kuti kutero kukhoza kum'tayitsa ukatswiriwo. Tom Curren wa ku America anachita chimodzimodzi, ndiponso Martin Potter, amene anakulira ku Durban komweko ndipo anadzakhala katswiri wa dziko lonse mu 1989 akuimira Britain. Cheyne Horan wa ku Australia anasankha njira ina: anapita, koma atalemba pathabwa lake mawu ofuna kuti Nelson Mandela amasulidwe. Naye Wendy Botha wa ku East London, amene anakhala katswiri wa dziko lonse wa amayi mu 1987, anatenga unzika wa Australia kuti aziyenda momasuka, napambananso mu 1989, 1991 ndi 1992.

M'dzikomo munalinso ena amene sanadikire alendo. Ku Cape Town anyamata achikaladi ankakwera mafunde pagombe la Nine Miles pafupi ndi Strandfontein, ndipo ena ankalowa dala m'magombe a azungu, kuthamangitsidwa ndi apolisi, n'kubweranso mawa lake. Mmodzi mwa iwo anali Ahmed Collier, mphunzitsi wa kusambira, amene ankatenga ana ake kupita nawo kumagombe oletsedwa. Makalabu awo anadzapanga bungwe losasankha mtundu, South African Surfing Union, logwirizana ndi bungwe la SACOS, limene mfundo yake inali yakuti masewera sangakhale abwinobwino m'dziko losokonekera. Iwowa ankakana kupikisana m'mipikisano ya bungwe la azungu, ngakhale kuti kukanako kunkawatsekera njira ya kutchuka.

Gombe linasanduka bwalo la ndale. Mu Januwale 1987 m'busa Allan Hendrickse, amene anali nduna m'boma la Botha, anakasambira pa King's Beach ku Port Elizabeth, gombe la azungu okha, ndipo Botha anam'kakamiza kupepesa. Mu Ogasiti 1989 Akibishopu Desmond Tutu anatsogolera khamu la anthu ku magombe a Strand ndi Bloubergstrand, kumene apolisi anawadikira ndi agalu ndi zikoti. Pa 16 Novembala chaka chomwecho, mtsogoleri watsopano F.W. de Klerk analengeza kuti magombe onse atsegulidwe kwa anthu onse, ndipo lamulo la 1953 lija linafafanizidwa mu 1990. Mu 1992 mabungwe a masewerawa anaphatikizana, ndipo chaka chomwecho Tom Curren anafika ku Jeffreys Bay koyamba. Funde limene anakwera kumeneko linajambulidwa, ndipo ambiri amaliyesa chitsanzo cha kakweredwe kangwiro.

Mafunde aakulu ndi mbadwo watsopano

Zaka za ufulu zinatsegulanso malo ena. Kunja kwa doko la Hout Bay, kunsi kwa phiri la Sentinel, kuli miyala ya pansi pamadzi yotchedwa Dungeons, kumene m'nyengo yozizira mafunde amatha kutalika ngati nyumba yosanja kangapo. Madzi ake ndi ozizira, pafupi pake pali chilumba cha nyama za m'madzi zimene shaki zimadya, ndipo ambiri amapitako pa boti. Anthu anayamba kulimba mtima kukwerako m'zaka za m'ma 1980, ndipo mpikisano wa Red Bull Big Wave Africa, umene unkachitika mpaka 2008, unatchukitsa malowa. Mu 1999 Cass Collier, mwana wa Ahmed uja, pamodzi ndi Ian Armstrong, anapambana mpikisano wa dziko lonse wa matimu wa mafunde aakulu ku Todos Santos m'dziko la Mexico. Nkhani yawo ili m'filimu ya 2005 yotchedwa Taking Back the Waves. Pambuyo pawo Grant Baker wa ku Durban anapambana mpikisano wa Mavericks ku California mu 2006 ndi 2014, ndipo Chris Bertish wa ku Cape Town anaupambana mu 2010.

Jeffreys Bay inakula kukhala tawuni ya masitolo, nyumba za alendo ndi mafakitale a zovala, ndipo kwa zaka zambiri inkalandira mpikisano wa akatswiri a dziko lonse mwezi wa Julayi. Kelly Slater wa ku America anapambanako kanayi; Jordy Smith wa ku Durban anapambanako mu 2010 ndi 2011. Pa 19 Julayi 2015, anthu akuonerera pa wailesi ya kanema m'maiko ambiri, shaki inagunda thabwa la Mick Fanning wa ku Australia mu ndime yomaliza, iye n'kupulumuka wopanda bala. Ku Muizenberg, shaki zitavulaza anthu, kunayambika mu 2004 ntchito ya Shark Spotters: munthu amakhala paphiri ndi magalasi oonera kutali, ndipo akaona chithunzithunzi chakuda m'madzi amadziwitsa a pagombe, amene amaliza belu lochenjeza ndi kukweza mbendera. Mpikisano wakale wa Gunston 500 unasintha dzina kukhala Mr Price Pro, ndipo mu 2009 unasamukira ku Ballito, kumpoto kwa Durban. Masewerawa atalowa mu Olimpiki koyamba, ku Japan mu 2021, Bianca Buitendag wa ku Victoria Bay, pafupi ndi George, anatenga mendulo yasiliva.

Chimene lamulo linasiya

Kuzula chikwangwani kunatenga tsiku limodzi, koma nyumba zinatsala pomwe Group Areas Act inaziika. Malo oyang'anana ndi mafunde abwino ndi okwera mtengo, ndipo makomboni ali kuseri: Pellsrus ku Jeffreys Bay, Hangberg ndi Imizamo Yethu ku Hout Bay, Masiphumelele ndi Ocean View pafupi ndi Kommetjie, Vrygrond pafupi ndi Muizenberg. M'makomboni ena mwa amenewa mukukhalanso anthu ambiri ochokera ku Malawi, Zimbabwe ndi maiko ena, ogwira ntchito m'minda ya maluwa, m'makhitchini ndi m'nyumba za m'mbali mwa nyanja. Kwa mwana wa kumeneko, zotchinga ndi thabwa lodula, chovala cha labala, ndalama ya minibasi, ndiponso mantha a makolo amene sanaphunzire kusambira ndipo amadziwa nyanja ngati malo otenga anthu.

N'chifukwa chake mbali yaikulu ya mbiri yatsopano ya masewerawa ikulembedwa ndi mabungwe ophunzitsa ana. Ku Durban, ntchito imene Tom Hewitt anayamba pakati pa ana a m'misewu kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 inabala bungwe la Surfers Not Street Children. Bungwe la Waves for Change linayambira ku Masiphumelele, ndipo limagwiritsa ntchito mafunde pothandiza ana amene aona nkhanza ndi zoopsa. Ku Strandfontein kuli 9 Miles Project, lotchedwa dzina la gombe lija la m'masiku a tsankho. Filimu ya Chizulu ya 2011, Otelo Burning, yotsogoleredwa ndi Sara Blecher, inafotokoza za anyamata a ku Lamontville amene anayambira padziwe losambiramo la m'komboni mwawo n'kukafika kunyanja m'masiku omaliza a tsankho. Madzi saiwala khwawa: zimene alendo anaona kugombe la Ghana m'zaka za m'ma 1640 zikuonekanso m'mawa uliwonse ku New Pier ndi ku Muizenberg, kumene ana olankhula Chizulu, Chixhosa ndi Chiafrikaans amapalasa pamzere umodzi ndi ana a azungu.

Liwiro la kusinthaku lingayezedwe ndi zaka. Mpikisano wa chaka chonse wa akatswiri olipidwa a dziko lonse unayamba mu 1976, ndipo South Africa inali ndi katswiri wake pofika 1977. Munthu woyamba wa m'dzikolo wosakhala mzungu kulowa m'gulu lapamwamba la mpikisanowo anali Michael February wa ku Cape Town, ndipo analowamo mu 2018. Panali patapita zaka 42 chiyambire mpikisanowo, zaka 29 chitsegulire magombe, ndi zaka 99 kuchokera pamene Heather Price anajambulidwa ndi thabwa lobwereka ku Muizenberg.